Kachidutswa ka Bambo m'Phula

Mlongo wanga Namagalasi,

Paja foni inaduka ndili pakati pa nkhani ya mayi aja. Foni yangayi imachita nsanje ndikayamba kulankhula bwino, ndiye ndangotenga cholembera.

Ndimati mayi a mnyamata amene akufuna kukwatira mzime wanga analowa mu babashopu masana, kachikwama kali kukhwapa. Anati amva kuti bambo athu anamwalira ndi chotupa cha mu ubongo, ndipo anthu akuti matenda otere amayenda m'magazi. Anati iwo sakufuna kudzakhalira kuchipatala ndi zidzukulu, choncho zaukwati zibaima kaye.

Ine ndinazimitsa mashini, kasitomala n'kumusiya ndi tsitsi mbali imodzi. Ndinawauza kuti akulankhula ndi mlongo wa munthu amene akalowa, madokotala a maiko asanu ndi awiri amaimirira. Ndinati iwe wasanthula zotupa zochuluka kuposa tsitsi lonse limene ndasesa m'chipinda chino. Ndinalankhula mpaka ntchentche zinatera pagalasi kuti zimve nawo. Mayiwo anatuluka chafutambuyo.

Koma taona, ndayambira kumchira. Uli bwanji kumeneko? Alamu anga ali bwanji, ndi dazi lawo lija londilanda ntchito? Nanga msana, poti umakhalira kuweramira makina oonera tinthu ting'onoting'ono? Kuno tadzuka. Mlamu wako akudandaula mawondo, ine ndikungonka ndikongola.

Chithunzi chija unanditumizira ndinachikhoma pamwamba pa shelefu ya zipeso. Makasitomala ena amati ndi munda wa maluwa wojambulidwa uli m'ndege, ena amati ndi nsalu ya diresi. Ndikawauza kuti ndi m'kati mwa chotupa amagwira mitu yawo, ine n'kumeta bwino chifukwa sagwederanso.

Anthu akatha masana, ndimakhala pampando wometera. Dzuwa limalowera pazenera, titsitsi n'kumayandama m'kuwalamo ngati sitikufuna kutera. Ndikayang'anitsitsa chithunzicho ndimapezeka ndalowamo. Ndimayenda m'tinjira tofiirira, pakati pa timadontho tabuluu, ndipo kutsogolo ndimaona iwe utavala chijasi choyera, ukuitana kalikonse ndi dzina lake ngati mphunzitsi m'kalasi. Ndimakukuwira koma sucheuka. Ngakhale kumaloto ndiwe wotanganidwa.

Usaiwale kuti ntchito yosanja mitu ndinayamba ndine. Ine ndinapeza kalekale kuti mitu ilipo mitundu isanu: wa dzira, wa mphika, wa njerwa, wa phiri kumbuyo, ndi wa alamu anga umene uli paokha. Palibe anandiitanirapo ku msonkhano. Iwe unangolowa m'kati mwa mitu yomweyo, ndege n'kuyamba kukudziwa dzina.

Ndimakumbukira utangoyamba, unkati chotupa chimadziwika ndi maonekedwe ake. Patapita zaka unabwera kutchuthi utasintha nyimbo. Unati zotupa ziwiri zitha kufanana ngati mapasa, koma china n'kumutenga munthu chaka chisanathe, chinacho n'kumulola kuona zidzukulu. Unati kusiyana kwake kuli m'timalemba tachibadwa tobisika m'kati mwenimweni, ndipo inu mwayamba kupereka maina powerenga timalembato. Ndinaseka kuti ndiye kuti matenda a bambo asintha dzina katatu eni ake ali gone kumanda. Iwe sunaseke.

Ine ndikudziwa pamene zinayambira. M'mawa wa tsiku la opaleshoni, anesi anandilola kuti bambo ndiwamete ndine, ndili wophunzira kumene. Iwe unali mu yunifolomu ya sukulu, utagwira kagalasi. Unawafunsa kuti chinthucho chili pati penipeni. Anatenga chala chako n'kuchiika pamwamba pa khutu lamanzere. Zaka makumi atatu ndi zisanu zadutsa, chalacho sunachichotsepo.

M'babashopu muno muli magalasi awiri oyang'anana, ndiye munthu amadziona kambirimbiri, mutu kumbuyo kwa mutu, mpaka kutali kobiriwira. Masiku ano ndikayang'ana kumapetoko ndimaona ngati wotsirizayo ndi bambo, ali ndi mutu wosalala umene ndinawameta.

Tsono nkhani ndi iyi. Ndili ndi kasitomala, wa mutu wa njerwa, amene amasunga zinthu kuchipatala chimene bambo anachitidwirako opaleshoni. Nditamufotokozera za mayi aja, ananditengera kuchipinda chapansi, kozizira, kodzaza timadirowa kuyambira pansi mpaka kudenga. Anafufuza m'chibuku chakale, n'kukoka kadirowa kamodzi. Anandiika m'manja kanthu ka phula longa la kandulo, kochepa kuposa bokosi la machesi, kali ndi nambala. Pakati pake panali kadontho kotuwa. Anati kameneko ndi kachidutswa ka chotupa cha bambo.

Mlongo wanga, ine amene ndimanyamula mpando wachitsulo ndi dzanja limodzi, kanthu kameneko kanandilemera. Ndinakapatsa moni. Usaseke.

Anati kumapeto kwa mwezi wamawa a chipatala akusamukira kunyumba ina, ndipo zakale kwambiri aziwotcha, pokhapokha abale apemphe kuti zitumizidwe kwa wofufuza. Pepala lake ndaliika m'kalata momuno. Pa m'bale ndasaina kale, ndi siginecha yanga ya mchira ija. Pa wofufuza pakudikira iwe.

Unandiuzapo kuti zotupa zambiri zimayambira mwa munthu mwiniyo n'kupita naye kumanda, ndipo n'zochepa chabe zimene kholo limasiyira ana. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva zonse. Cha bambo chili mbali iti, sindinafunse.

Mwana wakoyu, mzime wanga uja, wasiya kuimba akamachapa. Dzana anabwera kuno, n'kukhala pampando. Kenako anandipempha kuti ndimupapase mutu, poti ine mitu ndimaidziwa. Ndinamupesa pang'onopang'ono ngati ali wamng'ono, n'kumuuza kuti wake ndi wa dzira, mtundu wapamwamba. Anandiyang'ana pagalasi n'kufunsa ngati adzakhale akuwapapasa chonchi ana ake moyo wonse. Chipeso chinagwa.

Ndiye ndapota nawe, saina. Wawerengera anthu a maiko onse, tsopano awerengereko bambo ako. Ngati kaphulako kakalamba moti sikangawerengeke, undiuze. Ngati pakufunika magazi a ife amoyo, anga alipo okwana mzinda wonse. Ukapeza zabwino, ndidzaika pepalalo m'felemu pafupi ndi chithunzi chija. Ukapeza zoipa, usandiphikire mawu. Mwanayu adziwe zoona, asankhe yekha pamodzi ndi mnyamata wakeyo, osati kumangomva za m'maluwa.

Mulungu akusungire maso amenewo, ndiwo chuma cha banja lathu, kuchotsapo nkhope yanga. Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti ndikawafuna ndidzabwera ndi kansanza kopukutira basi. Ana onse uwagwire chanza m'malo mwanga. Mlamu wako akuti uzidya.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Katswiri wa kunja kwa mutu

Ndawerenganso kalatayi ndisanamate. Zoti ndinawayankha mayi aja mpaka anatuluka chafutambuyo, ndanama. Mashini ndinazimitsadi, koma pakamwa sipanatuluke kanthu. Anaima nthawi yaitali kudikira kuti ndinene kuti si zoona, ine ndangoti duu, chifukwa sindikudziwa. Anatsanzika mwaulemu, chitseko n'kutseka bwinobwino. Zaka zonsezi ndakhala ndi mlongo amene akanandiuza, koma ndinkaopa kufunsa. Lero ndafunsa.