Kamera pa Mtondo Wanu

Amayi, moseliwa kumeneko? Ndayamba ndi moni wanu wa Chilomwe kuti mudziwiretu kuti ndine Sesiliya wanu, musachedwe ndi kufunsa. Muli bwanji kumene muliko? Chifuwa chija chinakusiyani? Ine ndikulemba mothamanga, mwana ali pamiyendo, pepala ndaliyala pa lichero. Mukaona zilembo zikupendama musati ndaiwala za kusukulu. Ndi lichero likugwedezeka.

Muli ndi mdzukulu, wamkazi. Wabadwira m'nyumba yanu yomwe ija kuno kwa Nkhulambe, ndipo amene anandithandiza ndi achemwali anu, amayi aakulu a Malita. Nandolo wabereka bwino chaka chino, ngakhale mbuzi zinatidyera mizere ya kumtunda. Makaka a chinangwa tayanika padenga. Kalongonda, nyemba zochedwa kupsa zija, ndinayesa kuphika ndekha, koma ndinamuphula msanga, tonse tinachita chizungulire tsiku lonse. Ndakuuzani izi kuti musati ndangobwera ndi madandaulo. Koma madandaulo ndi amene andigwiritsa pensulo.

Mkamwini wanu, a Lusiyano, anyamuka dzulo kubwerera ku Joni, ndipo apita osamuona mwana nkhope. Anadinda chala kwa olemba ntchito za kumigodi poganiza kuti ndikhala nditachira kale. Mwana anachedwa, galimoto siinachedwe. Inu mukudziwa chimene chikundiopsa. Bambo anga anachoka ine ndili m'chikuta chomwechi, mpaka lero ndi mtchona. Munkanena mukusenda chinangwa kuti, “Mwamuna amene sanaone nkhope ya mwana wake, mapazi ake sakumbukira njira.” Ndinkaseka nthawi imeneyo. Tsopano mawu amenewo akundilira m'khutu ngati udzudzu.

Ndinawapempha amayi aakulu kuti angowalola kusuzumira pakhomo. Anakana. “Mchombo usanagwe mwamuna salowa, sasuzumira. Ngotentha amene uja. Ukufuna mwana atupe masaya, tidzakwirire kuseri kwa nthochi?” Sindinawatsutse, pakuti nanenso tsempho ndimaliopa. Kumutulutsa mwana panja ndiye sanafune n'komwe kumva.

Pamenepo a Lusiyano anakumbukira kamera yawo. Mukuidziwa, kabokosi kakuda kaja anabwera nako ku Joni, kamene munkakatcha diso la mzungu. Anandiuza kudzera pakhoma kuti pa filimu patsala malo amodzi, amene ankasungira mwana. “Ndikajambula, ndikatsukitsa ku Joni, nkhope yake ikhala m'thumba la malaya ngakhale pansi pa mgodi.” Mtima wanga unakhala pansi. Sindinadziwe kuti kabokosi kameneko kali ndi zofuna zambiri kuposa mkazi wapakati.

Choyamba akuti m'nyumba muli mdima, pakufunika fulashi. Ndi kambale konyezimira kaja kokhala ndi babu pakati, kamene kamang'anima ngati mphezi. Atatsegula chogwirira chake anapeza mabatire atavunda, atatuluka zoyera ngati mchere. Anawasiya momwemo dzinja lonse. Ine ndinkawauza kuti chinyezi cha pansi pa phiri lino sichisiya kanthu, koma amati mkazi adziwanji za makina. Anawapala ndi mpeni, anawayanika padzuwa, anawawotha pamoto ngati nkhalamba. Palibe chinachitika.

Anapalasa njinga mpaka kwa Chiringa, kusitolo ya Che Saidi. Kumeneko anapeza mabatire akuluakulu a tochi, pomwe fulashi imafuna tating'ono ngati chala. Akuti Che Saidi anawaseka. “Achimwene, ine ndimagulitsa za anthu ofuna kuona njoka panjira. Za mphezi kafunseni kumwamba.” Anagulabe akuluakuluwo. Pobwera anawamanga ndi mphira, nalumikiza ndi waya wa njinga, atakhala kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinangomva kuti phu! Nkhuku zonse kubalalika. Babu limodzi linawaphulikira m'manja asanaloze kanthu, lina linangoda osayaka. Mababu anali omwewo. Amayi aakulu anati, “Chabwino chayambira pa nkhuku. Chimenecho mumafuna muwalitse pa liwombo la mwana?”

Ndiye anasintha nzeru. Akuti popanda fulashi zitheka ndithu, bola diso la kamera likhale lotsegula kanthawi kuti limwe kuwala pang'onopang'ono. Koma kamera isagwedezeke ngakhale pang'ono, ndipo dzanja la munthu silingathe. Apa ndi pamene panabwera nkhani ya miyendo itatu, choimikapo kamera chija.

Amayi, miyendo itatu imeneyi yandidyetsa mutu. Paja anatifotokozera kangapo mmene anasankhira ku Joni. Mwenye wa sitolo anawaonetsa mitundu iwiri. Wina wamatabwa, wolemera, wokhazikika ngati mafuwa. Wina wachitsulo, wowonda, miyendo yake yolowa m'kati ngati khosi la kamba. Mwenyeyo anawalangiza wamatabwa. Iwo anatenga wachitsulo poti ukunyezimira ndipo ukwana pa njinga. Inu munangoyang'ana n'kunena kuti, “Chonyezimira chimakoma pogula.” Lero mwendo umodzi wachita dzimbiri sukutuluka, wina ukati watuluka umabwerera wokha. Akaimika, chinthucho chimagwada pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'tchalitchi. Anadula nsungwi zitatu n'kumanga ndi luzi. Zinaima, koma tambala atangolira pafupi zinanjenjemera.

Ndipo zonsezi akuchitira panja, Amayi, ine ndili m'kati, amayi aakulu ali pakhomo. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana. Ndiye aliyense amalankhula ndi ine. Iwo kuseri kwa khoma: “Uwauze amayi kuti kamera si mfiti.” Amayi aakulu pakhomo: “Umuuze mwamuna wako kuti galu wake wothyoka mwendoyo salowa muno.” Akumvana bwinobwino, koma mpaka ine ndibwereze. Mabere akundiwawa, mwana akulira, ine ndasanduka mthenga wa anthu awiri otalikirana mikono itatu. Ndinafuna kukuwa. Mukanakhalapo inu mukanangowayang'ana onse awiri, nkhani n'kutha.

Dzana ndinalira pamaso pa amayi aakulu. Ndinawakumbutsa za bambo anga. Iwo anati, “Iyeyo salowa. Koma kabokosiko kalowe, ndikayamba ndakaziziritsa. Kayenda m'manja mwa amuna, kagona m'makomboni a ku Joni.” A Lusiyano anavomera, anakaika pa mphasa pakhonde n'kupita kumtsinje kuti apongozi agwire ntchito yawo momasuka. Palibe amene anaganiza zowauza chimene sayenera kukhudza.

Amayi aakulu anafukiza masamba aja munkafukizira nsalu za khanda, anazungulitsa kamera mu utsi, anaipaka phulusa pansi. Ine ndinali kuyamwitsa, ndikuwaonera pa mpata wa chitseko. Kenaka ndinawaona akutembenuza kabokosiko ngati akufuna pakamwa pa chikho. Anapeza kachitsulo kotsekera kam'mbuyo. Ndisanatsegule pakamwa, kachitseko kanali pululu, dzuwa lili pamutu. Anauzira utsi m'kati mosamala kwambiri, natseka. Analowa akumwetulira. “Ndafukiza mpaka m'mimba mwake. Mulibe kanthu, ndi kapepala chabe.”

A Lusiyano atabwera ndinawauza pakhoma. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ndinangomva akhala pansi, msana wawo ukukhula khoma. Kenaka anati, “Sesiliya, kapepala kamene kanali pakhomo pa kamerayo ndi amayi ako.”

Mukukumbukira, Amayi? Tsiku lija la Khirisimasi munavala chilundu chanu cha maluwa, n'kukhala pafupi ndi mtondo, mukukana kuseka chifukwa cha dzino lija. Chinali chithunzi chomaliza chimene anajambula. Mutayamba kudwala anaika kamera m'sutikesi, osapukusa filimu kuti mulowe m'kati mobisika. Munakhala pomwepo pakhomo pa kabokosi miyezi yonseyi, kudikira kutsukidwa. Dzuwa lakufufutani. Chithunzi chanu china kulibe padziko lino.

Amayi aakulu anamva okha, sipanafunike mthenga. Anatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula ndi mkamwini wanu mwachindunji, ngakhale anayang'ana kumbali. “Bambo, ndapha m'bale wanga kachiwiri?” Iwo anati, “Iyayi amayi, wolakwa ndine, sindinanene.” Amayi aakulu anafunsa, “Nanga malo a mwana aja apsa nawo?” Anayankha kuti mwina ayi, chifukwa anali akadali okulungidwa m'pepala lake. Mwina. Mawu amenewo ndi amene ndagona nawo, ndadzuka nawo.

Ndinakwiya, Amayi, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti ndikwiyire yani. Mabatire? Mwenye? Achemwali anu amene ankangofuna kuteteza mwana? Mwamuna amene amadziwa dzina la kachitsulo kalikonse koma osadziwa kunena mawu amodzi akuti musatsegule? Ndinaluma nsalu kuti ndisalire mokweza, mkaka ungathawe.

Dzulo m'mawa, dzuwa likutuluka cha ku dziko la Apwitikizi, kuwala kunagunda chitseko chathu. Galimoto inali masana ku Phalombe. Miyendo itatu yachitsulo inali itagona pabwalo ngati dzombe lakufa. Amayi aakulu anayang'ana uku ndi uku, kenaka anakunkhuniza mtondo wanu kulowa nawo m'nyumba, nauvundikira. “Uwu sunagwedezekepo chibadwire. Ndipo ngwa akazi, sufunika kufukiza.” Anaika kamera pamwamba pake, chitseko anachitsekula n'kuchichirikiza ndi munsi. Ine ndinakhala pamphasa moyang'ana kuwala, mwana nditamuimika pachifuwa.

Wojambula anali iwowo, pakuti panalibenso wina. A Lusiyano anali kuseri kwa nyumba, pakamwa ali pa mng'alu wa khoma.

“Mukuona chiyani pa kagalasi kapamwamba, amayi?”

“Ndikuona mbuu.”

“Ndi phulusa lanu lija. Pukutani ndi nsonga ya nsalu.”

“Eya, ndawaona. Achepa ngati nsabwe.”

“Mutu wa mwana ulipo?”

“Ulipo. Wa mkazi wanu ndi umene wadukako.”

“Musiyeni, ameneyo ndimamudziwa. Tsopano tsitsani kachitsulo ka kumanjako, mugwire osasiya, osapuma. Muyerekeze kuti mukusinja, munsi utsike kanayi, ndiye musiye.”

“Kusinja mphale kapena makaka? Zimasiyana.”

“Mphale, amayi.”

Anaika chala pa kachitsulo, iwo amene anadula michombo ya mudzi wonse uno. Anatsitsa. Milomo yawo inkawerenga munsi mwakachetechete. Ine ndinaleka kupuma, maso anga akuyabwa ndi dzuwa. Munsi woyamba, wachiwiri, wachitatu, mwana ali phee, maso ali tong'o. Pa wachinayi anayasamula.

Sindikudziwa ngati kachitsulo kanali katabwerera kale. Amayi aakulu akuti kanali katabwerera. Kenaka akuti mwina. A Lusiyano anapukusa filimu mpaka kumapeto, anaikulunga m'mpango wanga wakumutu, naiika m'thumba la m'kati. Anagogoda khoma kawiri pafupi ndi pamene ndimagona. Anati, “Mwanawe, ndine bambo ako. Tikaonana ku Joni.” Ndinamva njinga ikutsika kunjira, mpaka sindinaimvenso.

Ndipo m'mawa uno, Amayi, posambitsa mwana, mchombo wagwa. Wangogwera m'manja mwa amayi aakulu, wouma ngati kakhoko ka nandolo. Tinayang'anana. Usiku umodzi wokha. Akanatha kulowa, kumunyamula, kumununkhiza pamutu. Lero mwana watuluka panja, mudzi wonse wamuona, ngakhale agalu amuona. Miyendo yachitsulo ija ndaiponya kudzala. Ndikaitola mawa, ndikudziwa, koma lero igone komweko.

Ndiye chimene ndakulemberani ndi ichi. Inu tsopano mumayenda opanda pasi, palibe wapolisi wa pamalire angakuimitseni. Atsatireni. Munakhala pakhomo pa kabokosi kaja miyezi yambiri, njira zake mukuzidziwa. Khalani pa mpango umenewo, kuwala kusalowe, mvula isanyowetse, wakuba wa m'sitima asauone. Akakafika kwa otsuka zithunzi mukaime pambali pawo. Ngati mwana anagwedezeka, mugwireni mutu monga munkandigwirira ine pondimeta. Sindikupempha chithunzi chokongola. Patuluke maso awiri ndi mphuno basi, zoti mwamuna angaziyang'ane n'kukumbukira njira ya kwa Nkhulambe.

Za nkhope yanu musadandaule kwambiri. Amayi aakulu akuti mwanayu watenga chipumi chanu ndi kakhwinya kaja ka pakati pa nsidze, kamene munkachita wina akanena zopusa. Wandichitira kale kawiri. Dzina ndamupatsa lanu, Esitere, sindinadikire kufunsa munthu.

Akulira tsopano, ndisiyire pano. Chithunzicho chikabwera, kaya pa positi kaya m'thumba la mwini wake, ndidzabwera nacho kumanda, ndidzalambula udzu, ndidzakuonetsani. Mtondo wanu ndausiya chivundikirire mpaka tsiku limenelo. Ndikusinjira kwa amayi aakulu, ali nane ngongole ya mtondo.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene akudikira,
Sesiliya