Mayankho Anali Anga, Dzina Linali la Amuna Anga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagwira ntchito yotayipa pa kampani ina yogula khofi kuno ku Mzuzu. Sukulu ndidalekezera Fomu 2, osati chifukwa cha mutu ayi, koma bambo anga adati fizi ipite kwa mchimwene wanga. Amuna anga ndi kalaliki wamkulu pa ofesi ina. Ndi munthu wabwino, samwa, samenya. Chilema chawo n'chimodzi: safuna wina awapose pa zam'mutu.

Chaka chatha adawerenga m'magazini za bungwe lina la ku Mangalande la anthu anzeru zoposa. Kuti ulowemo safunsa digiri kapena kwanu. Amangokupatsa mayeso, ndipo pa anthu zana alionse amatengapo awiri okha. Poyamba amatumiza pepala loti uyankhire kunyumba. Ukakhoza, amakuitana kukalemba mayeso enieni pamaso pa woyang'anira.

Pepalalo litafika, amuna anga adaliyankha ndi pensulo Loweruka masana, chitseko chotseka, ana atathamangitsidwa kukasewera kwa aneba. Atatha adandipatsa ine, monga amachitira ndi makalata awo onse, chifukwa iwo akalemba pamakhala ngati papalasa nkhuku. "Anyina Rhoda, koperani makora na inki, zioneke bwino, Lolemba ndikaponye ku positi," adatero, kundiitana ndi dzina la mwana wathu wamkazi Rhoda, n'kupita ku kwaya.

Aphungu, ndidayamba n'kukopera ndithu. Koma pa funso lachinayi, la manambala otsatizana, ndidaona kuti yankho lawo silikugwira. Ndidakonza. Pa lina la zithunzi zotembenuzidwa ndidakonzanso. Kenaka mtima udangondiuza kuti yamba wekha, ndipo ndidatero, maso ali pa wotchi, pakuti adalemba kuti mphindi n'makumi anayi basi. Ndidamaliza zitatsala zisanu. Nyemba zidapserera pa mbaula, ine osamva ndi fungo lomwe. Mwa mafunso makumi asanu, mayankho anga ndi awo adafanana pa khumi ndi asanu ndi anayi okha. Ndidafufuta pensulo yonse, ndipo Lolemba adakaponya osayang'anamo.

Mwezi wathawu yankho lidabwera. Akuti malikisi ndi apamwamba kwambiri, akalembe mayeso enieni ku Blantyre pa 14 mwezi wamawa. Sindikubisirani, ndidalowa m'bafa n'kuvina ndekhandekha. Ine wa Fomu 2! Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikutayipa maganizo a anthu ena, lero anthu osandidziwa n'komwe awerenga anga n'kuvomera. Ndikunyada, ndipo sindichita nazo manyazi.

Koma kalatayo amuna anga azungulira nayo dera lathu lonse la Mchengautuwa m'thumba la jekete. Kuofesi ayamba kuwatchula Apulofesa. Kutchalitchi mkulu wampingo adalengeza, anthu n'kuwomba m'manja, iwo ataimirira akuthokoza anthu ndi chisomo cha Mulungu m'Chitumbuka akuti, "Yewo, yewo chomene, ni uchizi wa Chiuta." A tcheyamani a nthambi ya chipani atamva za sitampu yakunja adabwera kudzafunsa kuti ndi bungwe lanji, ndipo adawawerengera kalata yonse kawiri. Panopa telala wa ku Salisbury Lines akusoka suti yaulendo.

Akapita akalephera, ndiye adzabwera ndi nkhope yanji kwa anthu onsewa? Ndikaulula, ndawathyola ndekha ndi manja anga. Komanso, Aphungu, mpando wa ku Blantyre uja ndikuufuna ine. Nditani?

L.N., Mchengautuwa, Mzuzu

Mayi L.N.,

Ndayamba ndawomba m'manja. Mwakhoza, mayi, ndipo gule wa m'bafa uja mudamuvina moyenera. Fizi ija idaphonya mwana.

Tsono tcherani khutu ndikudzudzuleni. Adakupatsani ntchito yokopera, inu n'kulemba mayeso m'dzina la munthu wina. Amuna anu sakunamiza aliyense, akunyadira chimene akukhulupirira kuti n'chawo. Mudawakweza mumtengo ndinu, ndiye makwerero otsikira mugwirenso ndinu.

Auzeni lero lomwe. Nyuzipepala ino imafika ku Mzuzu, ndipo ku Mchengautuwa Apulofesa osoketsa suti sangakhaleko awiri. Amve pakamwa panu, muli awiriwiri, ana kulibe. Musayambe ndi kuwawerengera mafunso amene adaphonya. Yambani ndi mlandu wanu, kuti mudasintha mayankho osawauza, yankho litabwera n'kukhalanso chete mwezi wathunthu iwo akuyenda nayo kalata. Adzakwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Mwina masiku angapo azidzakuyankhani ali kuseri kwa buku la nyimbo. Musawakakamize, manyazi a munthu wonyada amaphwa pang'onopang'ono.

Mtima wawo ukatsika, khalani pansi mulembere limodzi kubungwelo. Nenani zoona zokhazokha, ndipo mupemphe kuti pa 14 mukalembe nonse awiri ngati iwo angafune. Bungwe likakana, itanitsani pepala latsopano la inu nokha. Munthu amene adakhoza nyemba zikupserera sangaope chipinda chachete chokhala ndi woyang'anira mmodzi. Ndipo poti a tcheyamani adaiona kalata yoyamba, aonetseninso yanu, adziwe kuti n'za mayeso basi.

Za kuofesi ndi kutchalitchi asiyireni eni ake, asankhe okha mawu. Mwamuna wanzeru angathe kuimanso pomwe adaima paja n'kunena kuti mutu m'nyumba mwake ulimo ndithu, ndipo adachita kuusankha yekha pokwatira. Amenewo ndiwo mayeso awo enieni, ndipo palibe amene angawakopere. Sutiyo isawonongeke, adzavale pokuperekezani pa basi.

Chenjezo langa nali. Mukadzalowa m'bungwemo, khadi lake lisasanduke chikwapu chotulutsa pa mkangano uliwonse wa m'nyumba. Koma chimene ndikuopa kwambiri n'china. Mudazolowera kubisa nzeru zanu pansi pa dzina la mwamuna kuti panyumba pakhale bata: zidayamba ndi mchimwene wanu, lero ndi amuna anu. Rhoda akukuonani, ndipo akuphunzira. Pepala likubweralo, pamwamba pake mulembe dzina lanu, ndi inki.

Aphungu