Zilembo za pa Mchira wa Ndege

Lolemba, 3 Juni

Lero lakwana tsiku lachisanu ndi chinayi chiwagonekere abambo a ana m'chipatala. Sitiroko. Dzanja lamanja lafa ndithu, pakamwa papindika. Dokotala wandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti mtima nawonso watopa, tisawerengere miyezi. Ndangoti zikomo, ngati wandipatsa mphatso.

Mawu awo sakumveka bwino, koma lero alimbana nawo mpaka ndamva. "Ndege. Mchira." Zaka makumi atatu ndi ziwiri tili m'banja, munthu akudwala chonchi, chimene akufunsa n'kandege kapulasitiki! Ndapsa mtima, ndisaname. Kenako ndalira m'basi, anthu akundiyang'ana.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndalowa m'kachipinda kawo kamene sankandilola ngakhale kusesamo. Kandegeko kali patebulo, kutalika ngati mkono wanga, kopentedwa kale. N'chifanizo cha ndege imene ankaikonza zaka zonse za umakaniko wawo, yomwe inaphwasulidwa kalekale. Atha zaka ziwiri akukalumikiza tiziduswa. Chatsala ndi zilembo za pamchira basi, chimodzi kumanzere, china kumanja.

Zilembozo zili pakapepala mu envelopu, zopyapyala ngati khungu la anyezi. Iwo amati zomata. Umaviika kapepalako m'madzi, chomatacho chimatsetsereka, iwe n'kuchikhazika pandege. Ndinkawaonera nditaima pakhomo, ndikulalata kuti tiyi wazizira, ndiye pang'ono ndikudziwa.

Pashelefu pali timabotolo tiwiri ta mankhwala okhazikitsira zomatazo. Kena analembapo WOFATSA, kena WAUKALI. Tonse tiwiri tauma gwa.

Lachitatu, 5 Juni

Ndapita kushopu kumene ankagula zimenezi, kuseri kwa malo okonzera mawotchi. Mwini wake ndi mdala wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Atamva za matenda anavula onse awiri.

Wayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Akuti zomatazi n'zakale, mwina zaka makumi awiri, ndipo zina ngati zimenezi sizipezekanso. Wofatsa amaikidwa pansi kuti chomata chigwire, ndipo sawononga kanthu. Waukali amaikidwa pamwamba, amachifewetsa kuti chilowe m'timizere ndi kukuta timitu ta misomali, chioneke ngati penti. Koma pa zomata zakale akhoza kuchisungunula.

Ndamufunsa kuti ndiye nditenge uti. Iye akuti, "Zimenezo musankha nokha, mayi. Ine ndingokugulitsani." Ndatenga onse awiri. Ndikutuluka anandikuwira kuti ndiyambe ndayesa pa supuni yapulasitiki.

Lachinayi, 6 Juni

Ndayesa wofatsa pa supuni ndi kachomata kena kosafunika. Kakhala bwinobwino. Fungo lake ngati viniga, mpaka mutu.

Mwana wanga wachisamba wafika kuchokera kuntchito kwake, akhala sabata ziwiri. Wandipeza nditawerama ndi kaburashi. "Amayi, nanunso mwayamba zimenezi?" Ine ndangopitiriza kupaka.

Loweruka, 8 Juni

Ndaononga. Ndaononga ndithu.

Ndinayamba ndi kumanzere, ndi wofatsa. Koma mchira si supuni, uli ndi timizere ndi timisomali. Chomatacho chinangokhala pamwamba, pansi pake mpweya, chikunyezimira ngati pepala la switi. Ndinati abambo a ana zimenezi sangazilandire, ndi munthu wobweza malaya chifukwa cha batani limodzi lopendekera. Ndiye ndinatsegula waukali, n'kupaka.

Posakhalitsa zilembo zonse zinachita makwinya, kukhwinyata ngati khungu la munthu wakupsa. Mtima unangoti phwii. Ndinati zikusungunuka, ndithamangire. Ndinaika chala kuti ndiwongole. Zinangochoka ndi chala changa, zakuda, zonanda ngati phula. Ndakhala pampando wawo ndikuyang'ana chalacho sindikudziwa mpaka nthawi yanji.

Chatsala chimodzi.

Lamulungu, 9 Juni

Sindinapite kutchalitchi. Sindinalowenso m'kachipinda.

Lolemba, 10 Juni

Ndawaululira. Ndinadikira mwanayu apite kukatsuka mbale, n'kuwanong'oneza zonse. Ndimayembekeza kuti atembenukira kukhoma. M'malo mwake mapewa anayamba kugwedezeka, ine n'kudzidzimuka kuti mwina akutsamwa. Kuseka! Munthu wa pakamwa popindika akundiseka ine, misozi ikutsikira m'khutu.

Kenako anandigwira pamkono ndi dzanja lamanzere, mwamphamvu kuposa mmene ndimaganizira. "Osagwira," anatero. Anapuma kaye. "Makwinya... amatha okha. Dikira." Ndinawafunsa kuti ndiye ndiike waukali yemweyo? Anagwedeza mutu kuvomera. Nanga kumanzere kumene kulibe kanthu? Analoza khoma ndi chibwano. Ndinamva: mbali imeneyo idzayang'ana kukhoma, palibe adzaione.

Ndawalonjeza kuti Lachitatu ndibwera nayo ndegeyo. Lero sanadye kanthu, miyendo yatupa.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndamuimbira mdala wa kushopu. Akuti inde, makwinyawo ndiye chizindikiro choti mankhwala akugwira, anaiwala kundiuza. Anaiwala! Ndinafuna kumutukwana koma ndinameza. Akuti ndikapaka ndisagwire, ndisauzirepo mpweya, ndisanyamule n'komwe mpaka pauma. Maola atatu, anayi.

Ndimafuna kuchita lero koma masana onse ndinali kuchipatala. Mawa m'mawa.

Lachinayi, 13 Juni

Ndilembe za dzulo.

Ndinadzuka msanga, mwanayu anali atapita kale kuchipatala. Ndinatsuka m'manja kawiri. Cha m'ma naini ndinakhazika chomata chomaliza, chinakhala mowongoka. Ndinapaka waukali. Makwinya anabwera ngati tsiku lija, oipa kuposa. Ndinakhalira manja anga, zenizeni, kuwaika pansi pa ntchafu ngati mwana wasukulu.

Teni koloko foni inalira. Anali namwino. "Mayi, mukanabwera, bambo sakupuma bwino." Mawu omwewo anandiuzapo kawiri sabata yatha, ndikafika n'kuwapeza ali m'tulo. Ndinayang'ana mchira, makwinya okhaokha, ponyowa. Kunyamula sindikananyamula. Kupita chimanjamanja, nditalonjeza? Ndinati ndidikire pang'ono.

Mwanayu anaimba hafu leveni. Ndinamuuza kuti ndili m'njira. Ndinali pampando womwewo. Anaimbanso, foni ndinaitembenuza.

Ndinaona ndi maso anga makwinya akuchepa, kuyambira m'mphepete. Pofika thwelofu zilembo zinali zitagona pansi, kamsomali kalikonse kakuonekera, ngati zolembedwa ndi penti. Ndinasangalala. Ndilembe zoona, ndinasangalala, mpaka ndinaomba m'manja ndekhandekha m'nyumba. Ndinaika ndege m'katoni yaikulu, ndinaifungatira m'basi njira yonse kuti wina asaigunde.

Ndinafika wani koloko itadutsa. Pabedi pawo anali atachotsa zofunda, mayi wokolopa akupukuta matiresi. Namwino akuti abambo a ana anatisiya itangopitirira hafu leveni. Akuti maso anali pakhomo nthawi yonse.

Lachisanu, 14 Juni

Nyumba yadzaza. Alamu anga atenga kachipinda kaja kuti aikemo zikwama za alendo, ndiye katoni ndaibisa pansi pa bedi langa. Sindinaitsegule.

Masanawa ndinalowa kuchipinda kukasintha. Mwanayu anandilondola, n'kutseka chitseko. Chichokere kuchipatala sanandiyankhule. Anakhala pabedi, pamwamba penipeni pa katoniyo, maso ofiira.

"Amayi, munati muli m'njira. Kuchoka pano kukafika kuchipatala ndi mphindi makumi awiri. Munali kuti?"

Panja wina anayambitsa nyimbo. Ndinagwada, n'kumuuza kuti akweze miyendo.