Injini ndinaigwira bodza, koma akamwini akuti ndikhale chete

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti sindikulemba ndi misozi ngati anzanga ambiri amene ndimawerenga makalata awo patsamba lanuli. Ndikulemba ndili wokondwa, mwinanso wonyada pang'ono. Kungoti m'chimwemwe changacho mwagwera kamchenga, ndiye ndati ndikufunseni.

Ndine mayi wa zaka 61, ndimakhala kumtunda kwa Nchenachena kuno ku Rumphi, kutali ndithu ndi msewu waukulu. Ndaphunzitsa m'sukulu za mishoni zaka 34 ndipo ndinapuma ntchito chaka chatha. Amuna anga, a Hezron, anadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo, ndipo mwezi ndi mwezi amayenera kukaonana ndi dokotala ku Mzuzu. Dzinja likafika, magalimoto a matola safika kwathu. Tsiku lina mu Febuluwale amuna anayi anawanyamula abambowa pampando wa m'tchalitchi, kutsika nawo m'matope mpaka pamene galimoto inalekezera. Iwo anangotsinzina njira yonse chifukwa cha manyazi. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ndalama zanga zopumira ntchito zikangotuluka, ndigula pikapu yamphamvu, yokoka ndi matayala onse anayi, yoti izikwera phiri lathu ngakhale mvula ikugwa, komanso izinyamula khofi ndi nthochi zathu.

Kuyendetsa ndinaphunzira kalekale pagalimoto ya mishoni, koma za m'kati mwa boneti sindinkadziwa kanthu. Choncho ndinapita kwa Overton, amene ndinamuphunzitsa Sitandade 6. Pano ndi bambo woti imvi zayamba, ali ndi galaja yake pa boma. Ndinamuuza kuti, "Lero mphunzitsi ndiwe, ine ndabwera ndi kope." Anaseka, n'kunditsegulira maboneti a ma Hilux atatu amene anali pagalajapo.

Anati, "Madamu, kunjaku onsewa ndi ofanana, koma injini zake n'zosiyana. Iyi ndi 5L. Ndi yaikulu ndipo imapirira, koma ilibe tebo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini kaja, ndiye paphiri imakwawa. Iyi ndi 2KD, tebo ili nayo koma ndi yocheperako, 2.5. Iyi ndi 1KD, 3.0 ya tebo. Kwanu kuja, katundu ali kumbuyo, mukufunika imeneyi. Koma musakhulupirire zolemba za pachitseko kapena za pachivindikiro cha pulasitiki. Zimenezo ngakhale ine ndikhoza kumata. Dzina lenileni la injini linadindidwa pachitsulo chake, m'mbali umu." Anandilozera malo ake, ine n'kujambula m'kope.

Patapita milungu itatu, akamwini anga a Amock, amuna a mwana wanga Luntha, anaimba foni kuti andipezera galimoto kwa mnzawo wa ku Mzuzu. Anabwera nayo tsiku la msika pa Nchenachena. Inali yoyera, yonyezimira, pachitseko palembedwa 3.0, paboneti pali kamphuno kolowera mpweya. Anthu anaunjikana. Mwini wake, bambo wovala jekete lachikopa kunja kukutentha, ankangoisisita. "Amama, iyi ndi 1KD yeniyeni. Phiri lanuli imakwera osadziwa n'komwe kuti ndi phiri." Anandionetsa bulubuku, buku la umwini wa galimoto lija, komanso kachitsulo kokhomedwa pagalimotopo. Zonse zinkati 1KD. Kunena zoona mtima wanga unali utaikonda kale.

Ndinathokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene. Tsopano tsegulani boneti." Ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kutulutsa m'chikwama mswachi wakale, kabotolo ka palafini ndi choko. Amuna amene anali pamenepo anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti, "Aphunzitsi akufuna kuilembetsa mayeso!" Akamwini anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Amama, ndaiona kale ine, musadzidetse." Ndinawerama, ndinatsuka pamalo paja, ndinapakapo choko n'kupukuta ndi chala. Zilembo zinatuluka zoyera mbee: 2KD. Manambala otsatirawo sanafanane ngakhale pang'ono ndi a mu bulubuku.

Ndinadzuka n'kuwerenga mokweza ngati ndikuitana mayina m'kalasi. Mwini galimotoyo anayamba chibwibwi, akuti mwina amene anamugulitsa ndiye anasintha injini iye osadziwa. Ndinati, "Chabwino, tiyeni tiiyese. Tikweze matumba khumi a chimanga, tikwere nawo mtunda wa kwathu." Anayang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi msonkhano ku Mzuzu. Galimotoyo ikutembenuka, amayi ogulitsa nthochi anaimba nthungululu. Aphungu, ndakhala ndikugwira ana obera mayeso moyo wanga wonse, koma sindinamvepo kukoma ngati tsiku limenelo.

Mwezi wotsatira ndinamva za ina ku Ekwendeni, yakale kuposa ija, penti yosuluka, chitseko chakumbuyo chopindika. Ndinapita ndi Overton. Pa injini, pakachitsulo ndi mu bulubuku ponse pankati 1KD, manambala ake chimodzimodzi. Ndinagula.

Pa 9 Januwale linali tsiku la a Hezron lopita kuchipatala, ndipo mvula inali itagwa masiku awiri osakata. Ndinawakwezera pakhonde, tinapita ku Mzuzu, tinabwerako. Titafika pamtunda umene unkatigonjetsa uja ndinaika giya yamphamvu. Galimoto inakwera ikung'ung'udza, matope akuuluka uku ndi uku, osaima, mpaka pakhomo penipeni. Abambowa kulankhula kumawavuta, koma anamenya dashibodi katatu ndi dzanja lawo labwinolo, akuseka mpaka misozi.

Tsono vuto ndi ili. Sabata yatha ndamva kuti galimoto yoyera ija akufuna kuigulitsa kwa a Caroline, mnzanga wa m'gulu la amayi a kutchalitchi la Umanyano, amene amakhala ku Mlowe. Iwowa ndi amasiye, amachita geni ya usipa wouma, ndipo akufuna galimoto yokwera nayo phiri la Chiweta itadzaza. Amene akuwapezera ndi akamwini anga omwewo. Nditawafunsa, anagwada pansi nati, "Amama, chonde musalowepo. Mwini wake anandipatsa kale kangachepe, ndipo ndinadya. Injiniyo ilibe vuto, iyenda." Mwana wanga Luntha akuti ndinawachititsa kale manyazi amuna ake pamsika, ndikabwerezanso ndiye kuti ndikufuna kumuthetsera banja. A Caroline akalipira kumapeto kwa mwezi uno.

Ndikhale chete poti ine zanga zinayenda? Kapena ndilankhule, mwana wanga andide?

I.C.M., Nchenachena, Rumphi

Mayi I.C.M.,

Dikirani kaye ndikuombereni m'manja. Makalata a magalimoto amene amafika pano nthawi zambiri amachokera kwa abambo amene ankadzitama kuti injini amaidziwa ndi khutu, ndipo amalemba atagula kale, akulira. Inu munavomera kuti simukudziwa, munakafunsa kwa wodziwa, munawerama n'kuwerenga nokha. Lero amuna anu amakwerera pakhonde. Wina asakuuzeni kuti munachititsa munthu manyazi. Manyaziwo anabwera ndi galimoto kuchokera ku Mzuzu, inu munangotsegula boneti.

Tsopano ku funso lanu. Ayi, musakhale chete.

Akamwini anu akunena zoona pa chinthu chimodzi: 2KD si injini yoipa. Imamwa dizilo pang'ono ndipo anthu ambiri akudyera momwemo. Munthu akaigula akudziwa kuti ndi 2KD, pamtengo wa 2KD, palibe mlandu. Koma a Caroline alipira mtengo wa injini imene sailandira, ndipo adzazindikira zimenezi ali pakati pa Chiweta, usipa uli kumbuyo. Choopsa kwambiri n'chakuti injini imene nambala yake ikusiyana ndi ya mu bulubuku palibe akudziwa kumene inachokera. Mwina inasinthidwa mwachilungamo, kungoti sanakalembetse. Mwinanso inazulidwa m'galimoto yobedwa. Tsiku limene nkhaniyo idzatuluke, apolisi adzafunsa a Caroline kuti anawapezera galimotoyo ndani, ndipo dzina limene lidzatchulidwe ndi la bambo wa zidzukulu zanu. Muuzeni Luntha zimenezi. Chimene chingagwedeze banja lake si pakamwa panu ayi, koma galimoto imeneyo ikagulidwa.

Chitani izi. Aitaneni akamwini ndi Luntha abwere kunyumba, a Hezron ali pomwepo, osati pafoni. Lankhulani motsitsa mawu, simuli m'kalasi. Auzeni kuti mukuwapatsa masiku atatu oti iwo eni akawauze a Caroline zoona, ndiponso akabweze kwa mwini galimoto zimene analandira. Akatero ulemu ukhala wawo, chifukwa adzadziwika kuti ndi munthu amene anachenjeza mayi wamasiye asanataye chuma chake. Masiku atatuwo akatha asanachite kanthu, imbani foni ku Mlowe. Palibe chifukwa chotchulira dzina la munthu. Ingonenani kuti, "Anzanga, musalipire tisanaione limodzi." Mupite nawo, muwalozere pamene pali nambala, awerenge ndi maso awo.

Kwa a Caroline ndi ena onse amene akusaka pikapu yakale, phunziro la mayiwa litoleni. Mawu akuti 3.0 paokha sanena kanthu, chifukwa 5L yopanda tebo nayonso ndi 3.0. Kamphuno ka paboneti nako musakadalire: ma 2KD ena ali nako, komanso boneti ndi chinthu chongomasula n'kuikapo ina. Werengani malo atatu, pachitsulo cha injini, pakachitsulo kokhomedwa pagalimoto ndi mu bulubuku, ndipo malo onsewo anene chimodzi. Mukaona kuti pamene pali nambala papalidwa kapena zilembo zake n'zokhotakhota, chokanipo. Iyeseni pamtunda itanyamula, osati pachigwa ili yopanda kanthu. Wogulitsa amene akukana zimenezi wakuuzani kale zonse. Ndipo musanapereke ndalama, pitani naye ku ofesi ya Road Traffic mukatsimikize kuti mapepala ndi a galimoto yomweyo.

Ndikuchenjezeni pa ziwiri, mayi. Mbiri yanu yafala, ndiye posachedwa anthu ayamba kukupemphani kuti mukawaonere magalimoto. Kumbukirani kuti nambala imanena dzina la injini, sinena thanzi lake. Ikhoza kukhala 1KD yeniyeni koma yotheratu m'kati. Inu muziwerenga, zotsalazo muzimusiyira Overton.

Chinacho n'chakuti Luntha akhoza kukukwiyirani milungu ingapo. Pirirani, ndipo musamukakamize kusankha pakati pa inu ndi amuna ake. Akamwiniwo akakonza cholakwa chawo, alandireni ngati kale, ndipo nkhaniyi musamaikambe iwo ali pomwepo, ngakhale ikukomereni bwanji. Mukufuna kuti munthuyu asinthe, osati asiye kuponda pakhomo panu.

Mwezi ukutha. Aitaneni lero lomwe.

Ine Phungu wanu