Ndibwere Diso Likaphwa

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kutaliko? Kuno tilipo, ana akukula.

Paja viza andikana kawiri. Tsopano alamu anu, amene abwera kutchuthi kuchokera kunja, akuti ndifunsire ya banja, ndikakhale m'dzina lawo. Nditati ndikufuna ya sukulu, ndikaphunzire unamwino, anang'amba fomu n'kundimenyetsa nkhope pachitseko mpaka chogwirira chinathyoka. Dzulo wojambula zithunzi za viza anandibweza, akuti ndibwere diso likaphwa.

Achemwali, ya banjayo ndamva kuti ukachoka pakhomo pa mwamuna imathera pomwepo. Kuno ndikakuwa, aneba amathyola chitseko. Kumeneko adzathyola ndani?

Fomu ina ya sukulu ndabisa m'thumba la zosambira. Akandikananso, andikane, kukanidwa sikutupitsa diso.

Poyankha musaimbe pafoni yanga.

Ine mng'ono wanu.