Mtanda pa Dothi la Mtsuko

Chigwa cha Lancang,
Yunnan.
11 Januwale 2007.

Okondedwa Achimwene a Sidewang,

Choyamba ndimve za moyo wanu kumeneko ku Kunming. Chifuwa chija chinasiya? Mukamanyamula simenti muzimanga kansalu kumphuno, musamachite manyazi ndi anzanu. Ife kuno Mulungu akutisunga. Amayi maso ndi omwe aja, munthu amamuona ngati chitsa, koma akudya bwino ndipo korona sachoka m'manja mwawo. Amuna anga a Baolu ali bwino, ana nawonso. Nkhumba yanu ija inaswa tiana tisanu ndi tiwiri, kamodzi inakagonera.

Kalata yanu inafika Lachiwiri. Mukudziwa kuti akazi anu a Delisa sawerenga, ndiye anabwera nayo kwa ine monga mwa nthawi zonse. Ndinawawerengera yonse osadumpha liwu. Pomwe munati achititsa manyazi dzina la malemu Atate, ndinawerenga. Pomwe munati Chaka Chatsopano chathu cha mwezi wamawa chikangodutsa alongedze abwerere kwawo kuphiri, ndinawerenganso, mawu anga osanjenjemera n'komwe.

Lero abweranso kuti ndiwalembere yankho. Ali pakhonde panga pano, akundiswera mtedza podikira. Mawu awo ndi ochepa. Akuti amva, akuti muwakhululukire, ndipo ngati n'kupita apita, koma muwalole adulire kaye mipesa ya Atate mwezi wamawa, chifukwa palibe wina angaidulire. Ndalemba monga anenera.

Zotsalazi ndi zanga. Chonde musaing'ambe kalatayi musanafike kumapeto.

Achimwene, alamu anga sanathire kanthu m'vinyo wa paguwa. Ndine.

Ndiyambire kutali pang'ono, osati kuti ndidzipeputsire mlandu, koma kuti muone pomwe njoka inalowera. Inu munkadana ndi munda wa mphesa, munkathawira kumtsinje. Amene ankayenda pambuyo pa Atate ndi dengu ndinali ine, kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndine amene anandiphunzitsa kuti mphesa zathu zamakolo za Meiguimi, tating'ono takuda tija tonunkhira ngati maluwa, sazithyola zonse pamodzi. Za vinyo wa panyumba timathyola msanga n'kuthiramo shuga, aliyense amatero. Koma za vinyo wa Misa timazisiya pamtengo mpaka zitayamba makwinya, kenako timaziyanika padenga masiku anayi kuti dzuwa lizitsekemeretse lokha. Ankati mumtsuko umenewo mumalowa mphesa ndi pemphero basi. Akamata pakamwa pake ndi dothi, ankadinda mtanda ndi chala chachikulu dothilo likadali lofewa. Ine ndinkagwira mbale ya dothi.

Kenako ndinakwatiwa n'kutuluka pakhomo, inu n'kubweretsa a Delisa. Mukukumbukira momwe anafikira? Osadziwa ngakhale chizindikiro cha mtanda, ankayambira phewa lolakwika, ana n'kumaseka. Kwawo kuphiri mphesa sizimera, amadziwa ng'ombe ndi balere. Tsiku loyamba kumunda anadula nthambi yobereka n'kusiya youma. Ndinaseka mpaka misozi, n'kuuza Amayi kuti mtengwa uyu atimwetsa vinyo wosasa.

Koma ankafunsa. Ankangofunsa, Atate n'kumayankha.

Ndiye kunabwera a kampani ya vinyo aja ndi mbande zawo za mphesa zachilendo zotchedwa Kabeneti, mizati ya simenti ndi waya. Ine ndi a Baolu tinazula mipesa yonse yakale m'munda mwathu n'kubzala zawozo. Ndinkadziona wanzeru, paja ndine ndinafika kusekondale. Atate atabwera kudzaona anangoima m'malire n'kunena kuti tazula agogo athu n'kubzala alendo. Sanalowe, ngakhale tiyi anakana. A Delisa, amene sanapiteko kusukulu, anawauza a kampaniwo kuti iwo sadziwa kuwerenga mapepala, choncho mipesa ikhale momwe ilili. Atate anaikamba nkhani imeneyi pamowa uliwonse mpaka imfa yawo.

Tsiku lomwe Atate ankatisiya munalipo. Munaona ataitanitsa chikho chamkuwa chotungira vinyo wa paguwa. Ine ndinali nditagwada kumutu kwawo, ndipo Mulungu ndi mboni, manja anga anali atatambasuka kale. Chikho chinandidutsa pamphuno n'kupita kumiyendo kwa bedi komwe kunali alamu. Anawatchula mwana wawo. Ndinalira kwambiri pamaliro paja, anthu n'kumati Luxiya ankawakonda bambo ake. Theka la misoziyo linali la chikho.

Kuyambira pamenepo chilichonse cha alamu chinkandibaya. Mphesa zawo zikuda bwino padenga, ine n'kumapempha mvula mumtima. Azimayi kutchalitchi akamati manja a Delisa ndi odala, ine ndinkayankha kuti inde, kwinaku m'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna mphesa yosapsa. Ndinkapita kukawathandiza kuponda, koma maso anga ankafunafuna polakwika. Sindinapapeze.

Kumayambiriro kwa Disembala alamu anaperekeza Amayi kuchipatala cha maso kutauni, masiku awiri. Anandisiyira makiyi kuti ndizidyetsa nkhumba. Masana a tsiku loyamba ndinalowa m'chipinda chapansi, ndinkati ndingoona. Mtsuko wa Atate unali pakona pake, womatidwa bwino, dothi losalala. Ndinabwerera kwathu, ndinaphika, ndinachapa. Tsiku lachiwiri ndinabwera ndi zigubu ziwiri m'dengu, chimodzi chopanda kanthu, china chodzaza vinyo wanga.

Vinyo wangayo mukumudziwa. Ndi wa mphesa zomwe a kampani amakana, wothira shuga wambiri, ndipo a Baolu amawonjezamo kachasu wa balere kuti asasase. Ndinaswa dothi, ndinakhuthulira vinyo wa alamu m'chigubu, n'kuthiramo wanga.

Mundifunsa kuti ndinkafuna chiyani. Ndadzifunsa ndekha kambirimbiri. Nthawi zina ndimadziuza kuti ndinkangofuna kuti vinyo wa manja anga akwereko paguwa kamodzi kokha. Limenelo ndi bodza, Achimwene. Ndinakulira pa mtsuko umenewo, ndinkadziwa kuti lilime la akatekisiti a Ruowang silinamizika. Ndinkafuna alamu agwe pamaso pa anthu.

Ndinakanda dothi latsopano, ndinamata, ndinasalaza, ndinasesa pansi. Ndinatuluka ndikudziyamikira kuti palibe angadziwe.

Zomwe zinachitika tsiku loti mawa Khirisimasi munazimva kwa ena, koma muzimvenso kwa amene anaima kutsogolo. Bambo Mfumu anafika masana. Mtsuko unabwera pabwalo la tchalitchi anthu akuimba, alamu atavala malaya awo aukwati, chikho chili m'manja. Anatunga n'kupereka kwa a Ruowang. Mkuluyo anamwa pang'ono, anatsinzina, anatsokomola, kenako anafunsa ngati alamu akufuna kuti Bambo Mfumu awerenge Uthenga Wabwino chozondoka. Anati vinyo ameneyu mutathira m'thirakitala ikhoza kukwera phiri yokha. Anthu anaseka, koma Bambo Mfumu atalawa sanaseke. Anati n'zosatheka kuchitira Misa, ndipo anatuma munthu kukatenga kabotolo ka kusitolo m'chikwama mwawo. Chitsegulireninso tchalitchi chathu chitatsekedwa zaka zija, aka kanali koyamba kuti paguwa pasakhale vinyo wa pakhomo pathu.

Azimayi ndiye anamasuka. A Moniga a kumlatho anati mumayembekezera chiyani kwa munthu wobatizidwa ali ndi mano onse. Wina anati mwina kwawo kuphiri milungu yawo imakonda zotsekemera. Alamu anangoima, chikho chikudontha. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuweramitsa mutu. Amayi ankandikoka chovala n'kumafunsa kuti chachitika n'chiyani, anthu akuseka chiyani. Ndinawauza kuti palibe.

Ndikuulula kuti kunanditsekemera. Kwa kanthawi kochepa, mwina kokwanira kunena Tikuoneni Maria mmodzi, ndinamva ngati ndabwezeredwa chikho. Pa Misa ndinapita kukalandira Ukaristia ndi pakamwa pomwepo. Bambo Mfumu anakhala masiku awiri akumva olapa, ine ndinaima pamzere kawiri, kawiri konse ndinachoka ndisanafike. Tsopano sabweranso mpaka Pasaka.

Ndikanakhala chete mpaka kumanda, ndisakunamizeni. Ngakhale kalata yanu sinandigwedeze. Chandigwedeza ndi cha m'mawa uno.

Nditalemba mawu awo aja, ndinawafunsa alamu ngati alibe china chowonjezera, mwina chodziteteza. Anati ayi. Anapitiriza kuswa mtedza, kenako anati pali kanthu kena koma ndisalembe. Anati ulendo uno pomata mtsuko iwo sanadinde mtanda. Anakweza chala, chinawakanika, anaona kuti malo amenewo ndi a chala cha Atate, ndipo dothi analisiya losalala. Ndiye atabwerako kutauni kuja anapeza dothi latsopano, pakati pake pali mtanda.

Achimwene, ine sindikukumbuka n'komwe ndikudinda. Chala chinapita chokha. Ndinaba, ndinaipitsa chinthu cha Mulungu, koma kumata mtsuko wa Atate popanda mtanda thupi langa linakana.

Alamu akuti atauona mtandawo anakhala pansi m'chipinda muja n'kulira ndi chimwemwe. Anaganiza kuti dothi lawo linang'aluka, ine n'kuwamatira, n'kuwadalitsira m'malo mwa Atate. Anaganiza kuti ndawakhululukira za chikho. Akuti n'chifukwa chake sabata imeneyo ananditumizira mwendo wa nkhumba, ndipo n'chifukwa chake anavala malaya aukwati. Anazindikira zoona zake pamene a Ruowang anatsokomola.

Ndinawafunsa kuti nanga bwanji sanandiloze pabwalo pomwepo. Anaseka pang'ono, anati mulamu iwe, ukanatani, ukanakomoka, ndiye ndani akanakunyamula ndi thupi lakoli. Kenako anati Amayi ali ndi ana awiri okha, mmodzi ali kutali. Akanati alankhule, gogoyo akanataya wotsalayo. Anati iwo ndi obwera, anthu anali atawakonzera kale mlandu kuyambira tsiku lomwe anafika, choncho sunawalemere kwambiri.

Mukuganiza kuti ndinagwa pamapazi awo? Ndikanakonda ndikanalemba choncho. Chinayamba kubwera mumtima mwanga ndi nsanje yomwe ija. Ndinati ngakhale pokhululuka mkazi uyu akundiposa. Mphesa akundiposa, anandilanda Atate, tsopano ndi Kumwamba komwe akalowa ine ndikusuzumira pawindo. Onani mlongo amene muli naye. Mundipempherere, chifukwa matendawa sanathe, ndangowatchula dzina.

Koma china ndaona. Atate sanalakwitse. Ine ndinkadziwa ntchito ya mtsuko, alamu amauopa. Ine ndikanadinda mtanda chaka choyamba chomwecho, mooneka bwino kuti onse aone kuti ndine.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwezani mawu anu. Alembereni akazi anu kalata ina, ndipo muitumize kwa aphunzitsi a kusukulu kuti ndiwo akawawerengere, chifukwa ine sindiyeneranso kukhala pakati pa inu awiri. Ngati pali wofunika kuthamangitsidwa pakhomo pa Atate ndi ine. Mukafuna kuti ndisapondenso pamenepo ndimva, koma mundilole ndizidzawasambitsa Amayi Loweruka.

Vinyo weniweni uja sindinamutaye. Ali m'chigubu, ndinabisa m'nkhokwe pansi pa chimanga, ndipo sanasase, ndanunkhiza dzulo. Lamulungu likubwerali ndimubereka kumsana mpaka kutchalitchi. Mapemphero akatha ndidzaima a Ruowang asanatseke buku, ndipo ndidzanena zonse a Moniga akumva. A Baolu ndiwauza lero. Amayi ndiwo ndikuopa kwambiri, koma ndiwauza ndekha asanamve kwa anthu. Pomwe kalatayi izikupezani zidzakhala zitachitika. Ndalemba dala chonchi kuti ndisapeze pothawira.

Funso limodzi lokha, ndipo mundiyankhe zoona ngakhale zipweteke. Masiku omaliza aja munkagona m'chipinda mwa Atate. Kodi ananenapo kanthu za ine? Ngakhale kamodzi, ngakhale kodandaula?

Alamu angosuzumira pakhomo kufunsa kuti mawu awo atatu aja atalika bwanji chonchi, kapena ndikukulemberani Baibulo lonse. Ndawauza kuti alowe akhale pansi. Ndiwawerengera kalatayi kuyambira pamwamba ndisanaimate, osadumpha liwu, monga ndinachitira ndi yanu ija.

Mundiperekere moni kwa a Andele, msuweni wathu amene mukugona nawo, muwauze kuti akazi awo alandira katundu uja. Ambuye akusungeni pamakwerero apo, Amayi Maria akufunditseni chofunda chawo, ndipo akufewetseni mtima, poyamba kwa akazi anu, kenako, ngati patsala malo, kwa ine.

Ndine mlongo wanu wochimwa,
Luxiya.