Ndapitako ndipo Sananditsekere

Ching'ambo,
Mzuzu.
21 Juni 1986

Okondedwa achemwali anga a Marjorie,

Choyamba ndifunse za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukutupabe? Kuno tadzuka tonse, ine, amake Percy ndi Percy yemwe. Wamera mano awiri ndipo akuluma chilichonse, ngakhale pensulo yanga ya ku ntchito. Kuzizira kokha ndiye kwanyanya, mvula yowaza tsiku ndi tsiku, matabwa sakuuma.

Kalatayi ndapatsira a Ackim oyendetsa lole ya ku Ntcheu, sindinaiponye ku positi. Muwerenge muli nokha.

Zimene munamva za ine n'zoona, koma theka. Sindinapenge ayi. Chikomokereni Percy ndi malungo mu Febuluwale muja, mtima wanga sunakhazikike. Mwana anachira, ine ayi. Ndikakhala ku shedi ndikupala thabwa, mtima umangoyamba kugunda, ndiye ndimasiya zonse n'kuthamangira kunyumba kukaona ngati akupuma. Tsiku lina ndinathamanga katatu. Akapitawo anandiuza kuti ndikadzateronso ndisadzabwerere.

Ku chipatala anandiyeza magazi, chifuwa, zonse, osapeza kanthu. Ndiye anandipatsa kapepala koti ndikaonane ndi dokotala wa maganizo amene amabwera kamodzi pa mwezi. Achemwali, kapepala kameneko kanandidwalitsa kuposa matendawo. Ine chimene ndinkadziwa n'chakuti munthu akalowa kumeneko amakatulukira ku chipatala cha amisala ku Zomba. Komanso mukudziwa masiku ano, sungakhale pansi ndi mlendo wogwira cholembera n'kumangomukhuthulira za mumtima. Zolembazo zimapita kuti? Ndinatsala pang'ono kukang'amba.

Amene anandithandiza ndi a Longwe, telala wa ku Nkhata Bay woyandikana nafe nyumba. Amake Percy ndi amene anakawauza. Tsiku limenelo ndinakwiya, lero ndikuthokoza. Madalawo anandiitanira pa khonde pawo n'kundifunsa ngati iwo amaoneka amisala. Ndinati ayi. Anati nawonso anakhalapo pa mpando wa dokotala ameneyo kasanu akazi awo atamwalira, ndipo mpaka lero sanasokerepo kolala pa buluku. Ndinaseka, koyamba chiyambire zonsezi.

Ataona kuti mawu okha sakundikwana, anati popeza ndine kalipentala, tiyeni ndikaone ndekha chitseko cha chipinda cha dokotalayo. Tinapita Lachiwiri, kutatsala masiku awiri. Iwo amadziwana ndi mayi wosesa kumeneko, analonjerana m'Chitumbuka kwa nthawi yaitali, kenako anatitsegulira. Ndinayang'ana bwinobwino. Chitseko n'cha paini, chopepuka, loko wamba, kunja kulibe mpiringidzo. Ndi phewa lokha chikhoza kutseguka. Pa zenera palibe zitsulo. Mulibe bedi, mulibe zingwe, muli tebulo ndi mipando iwiri basi, wina wogwedera mwendo. A Longwe anandifunsa ngati ine ndingapangire munthu chitseko chotere atandiuza kuti n'chotsekera anthu. Ndinati ndingachite manyazi. Kuchokera pamenepo chifuwa chinapepukako.

Komabe Lachinayi ndinanyamula bulangete, mbale, kapu ndi khadi la chipani, kuchitira mwina. A Longwe anatseka makina awo n'kundiperekeza mpaka pa khomo. Pamenepo anandilanda bulangete, akuti andisungira, ndipo ndikapanda kutuluka afunda iwo chifukwa lawo linatha.

Dokotalayo ndi mayi wa ku Karonga, wofatsa, Chichewa chake chokoka ngati cha a Longwe. Sanandibaye jakisoni. Ndinayamba ndine kufunsa kuti zolemba zawo zipita kuti. Ananditembenuzira kabuku kuti ndiwerenge. Munali dzina langa ndi deti basi. Anati chilichonse akalemba azindiwerengera, ndipo chimene sindikufuna salemba.

Atandifunsa chimene chandibweretsa, pakamwa panauma gwa. Mpando umene ndinakhalira unali wogwedera uja, ndiye ndinapempha kuti ndiuone kaye. Anavomera. Ndinagwada, ndinautembenuza, n'kuyamba kukhomerera timitengo ta machesi m'bowo la mwendo. Manja ali pa ntchito, mawu anayamba kutuluka okha. Iwo sananene kuti bambo khalani bwino, anandisiya pansi pomwepo mpaka ndinamaliza zonse ziwiri, mpando ndi nkhani.

Anati matenda amenewa amawadziwa. Si misala, si kulodzedwa, ndi mantha amene akakamira m'thupi, ndipo amachoka pang'onopang'ono. Anandiphunzitsa kapumidwe koti ndizichita mtima ukayamba, ndisanaike pansi chopalira. Analembanso kalata ya kwa akapitawo, ndipo ntchito sinathe. Sabata ino ndathawa ku shedi kamodzi kokha. Potuluka ndinapeza a Longwe atafunda bulangete langa pa benchi, akusinza. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Munthu ameneyu si mbale wathu, koma wandizimira.

Tsopano pempho langa ndi ili.

Dokotala anandifunsa ngati Percy ndi mwana woyamba amene ndinamuona akukomoka. Ndinati inde. Kenako ndinati ayi. Ndinawauza za Yona, mng'ono wanga uja. Inu chaka chimenecho munali kwa azakhali. Amayi anali ku dimba, ndiye ndine amene ndinamubereka kuthamangira ku chipatala cha mishoni, ndili ndi zaka khumi. Pa mtsinje ndinatopa. Ndinamutsitsa, ndinamwa madzi, ndinapuma pang'ono. Pofika a chipatala anati watha kale. Pa maliro ana anatitsekera m'nyumba monga mwa mwambo, ndipo palibe amene anandiuzapo kanthu mpaka lero. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziwa ndekha kuti ndikanapanda kuima pa mtsinje paja, bwenzi Yona ali moyo. Kupatula dokotalayo, sindinauzepo munthu, ngakhale inu amene.

Dokotala anati iwo sangandiyankhe poti kunalibe, koma amene analipo alipo. Ndiye chonde achemwali, mukhale pansi ndi amayi pa nthawi yabwino, osati pa anthu. Muwafunse chimene chinamupha Yona, anadwala masiku angati, ndi zimene a chipatala ananena. Musandikometsere. Chimene anene, mulembe chomwecho, kaya n'chowawa. Ndikubwererako pa 10 Julaye ndipo ndikufuna ndipite yankho lili m'thumba. A Ackim adzadutsa kwanuko kumapeto kwa mwezi. Amayi akayamba kulira musawakakamize, koma muwauze kuti amene akufunsa ndine, amene ndinamubereka.

Moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a Boniface ndi akazi awo, ndi kwa ana onse. Amake Percy akupereka moni wambiri. A Longwe akuti yewo chomene, zikomo kwambiri m'chilankhulo chawo, ngakhale simunaonanepo.

Ndidikira, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Frackson